KODI MUNTHU WOBADWA MWATSOPANO ANGAPITE KUNYANJA NDI BANJA LAKE?

Inu a kuno ku Chiponde, a ku Namwera, a tsidya linalo ku Mandimba, ndi inu ana athu amene mukuwerenga muli ku Joni, mtendere ukhale nanu. Lero ndilemba motalika pang'ono, ndiye ngati muli pa ntchito sungani uthengawu, muwerenge madzulo mutakhala pansi.

Okutobala wafika, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa 15 ndi Tsiku la Anakubala. Nyengo ngati ino chaka chilichonse funso limodzi limabwerabwera pa foni yanga: Abusa, kodi n'koyenera kuti Mkhristu apite kunyanja kukasangalala? Ena safunsa n'komwe, amangoweruza. Akaona chithunzi cha m'busa atapinda buluku, mapazi ali m'madzi, ana ake akumuwaza, basi amati moto wa m'busayu wazima.

Yankho langa ndi ili, ndipo sindizungulira: inde, angapite. Ndionjezerenso kuti bambo amene ali nayo njira yotengera banja lake kokayenda, ngakhale kamodzi pa chaka, koma satero, pali chinthu chimene akuwamana ana ake chomwe ndalama ya fizi siingalowe m'malo mwake.

Ife a ku Chiponde timatchedwa anthu a ku Mangochi. Ukanena ku Lilongwe kuti kwathu n'ku Mangochi, amati aaa, ndiye inu chambo mumadya tsiku ndi tsiku. Sadziwa kuti ife tili kumtunda, kumalire. Chimene mwana wa kuno amakula akuona ndi mathiraki ondanda pa boda, anyamata osintha meticais, akabaza ndi fumbi. Ndinafunsapo ana a Sande Sukulu kuti amene anaiona nyanja ndi maso ake akweze dzanja. Manja amene anakwera anali owerengeka. Taganizani. Mzungu amakwera ndege kuchoka kutali kudzaona nyanja ya Malawi, pamene mwana wobadwira m'boma lomweli amangoimva m'buku la kusukulu.

Ndikuuzeni m'mene ife timayendera, chifukwa ena amaganiza kuti ulendo wa kunyanja ndi wa mabwana okhaokha. Mayi Busa amaponya kangachepe ku banki m'khonde miyezi ingapo. Tsikulo likakwana amalawira kuphika mpunga ndi nkhuku imodzi, thobwa m'chigubu, zitumbuwa m'kontena. Timakwera galimoto yoyamba, kudutsa pa Namwera, n'kuyamba kutsetsereka makhotamakhota a ku Chowe. Pamenepo ana amalimbirana windo, chifukwa kunsi kumaoneka madzi akunyezimira ngati malata atsopano. Tikafika kuchigwa timaoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndiye ndimawauza kuti madzi mukuwaonawa akuchokera m'nyanja ya Malawi, akupita ku Malombe, ndipo sadzaima mpaka akalowe mu Zambezi.

Pa boma sitithamanga ayi. Timatsika, n'kuyenda wapansi. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi imene anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, masiku amene tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pali mfuti yaikulu imene inali pa sitima ya Guendolen, sitima imene mu 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu yomweyi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Pamenepo ndimaima. Ndimauza mwana aliyense kuti awerenge nambalayo mokweza, ndipo timapemphera pang'ono. Ndimafuna asanaponde mchenga adziwe kuti madzi ndi okongola, koma madzi sachita nawo chibwana.

Kenako timakwera ya njira ya ku Monkey Bay n'kutsika pa mudzi wa asodzi. Sitilowa m'maloji, thumba lathu silifika kumeneko. Timapereka moni kwa eni dooko, kupempha malo pansi pa mtengo, kugula nsomba kwa amene angotuluka kumene m'madzi, n'kusonkha moto. Foni ndimazimitsa. Mpingo ndimausiya m'manja mwa akulu ampingo, ndipo mpaka lero sunagwepo chifukwa choti m'busa wasowa tsiku limodzi.

Chaka china Mulungu anatipatsa chisomo tinakafika mpaka ku Cape Maclear. Ana anaona tinsomba ta mbuna tamawangamawanga tikusewera m'miyala, tomwe tinachititsa kuti malowa awaike m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Ndinawatengeranso ku manda a amishonale a Livingstonia amene anafika pamenepo mu 1875, Robert Laws ali m'gulumo. Malungo anawasautsa, ena anaikidwa pomwepo, mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Ndinati kwa ana, Uthenga umene bambo anu amalalikira unayendapo pa madzi awa, ndipo ena anaulipira ndi moyo wawo. Phunziro limeneli ndikanalipereka pa guwa likanaiwalika Lolemba. Koma pamanda paja analimva, mpaka lero amalikamba.

Tsopano imvani umboni wanga.

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 16 anasintha. Sanayambe mwano ayi, anangoti zii. Kutchalitchi amabwera, ng'oma amaimba, ukamufunsa kuti zili bwanji amati zili bwino. Ife tinkapemphera ndi kusala kudya, osadziwa kuti vuto lagona pati. Ndipo mukudziwa m'mene nyumba ya m'busa imakhalira. Mbandakucha wina wagogoda, mwana wadwala. Masana ankhoswe abwera ndi mlandu wa banja. Usiku kuli ovanaiti. Mwana wa m'busa amaphunzira msanga kudikira pa mzere.

Chaka chimenecho tinapita kunyanja monga mwa chizolowezi. Amayi ake ndi ang'ono ake anali m'mphepete akutola tizigoba, ine ndi iyeyo tinatsala pa moto tikutembenuza nsomba. Sindinamufunse kanthu. Tinakhala chete nthawi yaitali ndithu. Kenako osandiyang'ana anati, Adadi, ndikufuna ndikuuzeni zinazake koma musakalipe. Anandiuza kuti iye ndi anzake awiri anapangana zothawira ku Joni sukulu isanatseke, opanda pasipoti, ndipo munthu wowatenga anali atapezeka kale. Ndalama ya njira anali atayamba kusunga, anaibisa m'thumba la sukulu. Anati watopa kuona anzake akubwerako ndi mafoni ndi nsapato, iye akadali pa desiki.

Abale anga, mtima wanga unagunda ngati ng'oma. Koma Mzimu anandigwira pakamwa. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako tinakambirana ngati amuna awiri: za anyamata amene amagwidwa m'njira, za amene amatsekeredwa ku Lindela kudikira kubwezedwa, za amene timangolandira bokosi lawo. Ndinamulonjeza kuti akamaliza Fomu 4, ngati mtima wake udzakhale ukufunabe, tidzayenda njira yoongoka, ndi mapepala ake m'manja. Analira, ine ndinalira, nsomba ija inapserera mbali imodzi. Lero mnyamatayo ali ndi satifiketi yake ya MSCE ndipo akuphunzira ntchito ya manja. Aleluya! Ulemerero kwa Yesu!

Anzake awiri aja anapita. Za iwo sindinena zambiri, makolo awo amawerenga tsamba lino. Tiziwapempherera.

Mundimvetse bwino, sikuti mchenga uli ndi mphamvu. Amene anapulumutsa mwana wanga ndi Mulungu. Koma Mulungu anagwiritsa ntchito tsiku limene panalibe wogogoda pachitseko, foni ili yozima, bambo ali wa mwana wake yekha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana satsegula mtima wake kwa bambo amene akuyang'ana wotchi.

Ndiyankhe tsopano amene amatsutsa.

Ena amati m'nyanja muli mizimu ya m'madzi. Ine ndimakhulupirira kuti ziwanda zilipo, ndimapempherera omangidwa ndipo amamasulidwa. Koma ndikufunseni, nyanjayi anailenga ndani? Satana analengapo dontho limodzi la madzi? Ophunzira oyamba Yesu anawaitana akukonza makoka. Analalikira atakhala m'ngalawa. Werengani Marko 6 muone: ophunzira atatopa mpaka kusowa mpata wodya, Ambuye sanawaonjezere pulogalamu, anawatenga pa ngalawa kupita kwa okha kuti akapume. Werenganinso Yohane 21, atauka kwa akufa anawakonzera nsomba pa makala m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndi pomwepo pamene anabweza Petro amene anamukana katatu. Ndiye inu mukuopa chiyani? Ngati nyanja yonse ndi ya ziwanda, bwanji usipa wake mumadyera nsima osaudzudzula? Mantha amenewo si chikhulupiriro ayi.

Ena amati kunyanja kuli mowa, mavalidwe oipa ndi zoimbira zaphokoso. Apa mukunena zoona, makamaka pa tsiku lenileni la tchuthi m'malo otchuka aja. Ine sindingatengere ana anga pakati pa oledzera. Koma nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500, si yonse imene ndi bala. Sankhani malo, sankhani tsiku. Pitani m'mawa, bwererani dzuwa likadalipo. Pa boda pathu pomwe pano mowa ulipo, koma sitinasamuke.

Ena amati abusa, ndalama kulibe, ufa wakwera, feteleza akutidikira. Ndikudziwa, nanenso ndimagula msika womwewo. Musakongole katapila chifukwa cha ulendo, musagulitse chimanga cha ana. Ngati nyanja yatalika chaka chino, tengani mkeka, mbatata yophika ndi ana anu mukakhale pansi pa mtengo wa mango kumunda. Kapena akwezeni mukawaonetse msika wa pa Namwera, muwagulire nzimbe. Chachikulu n'chakuti tsiku limenelo likhale lawo, ndipo iwo adziwe kuti ndi lawo. Koma tinene chilungamo azibambo, ena amene akuti ndalama kulibe, ya mayunitsi ndi ya kubetcha mpira imapezeka sabata iliyonse.

Kwa azibusa anzanga ndi akulu ampingo ndili ndi mawu. Pa 1 Timoteo 3 Paulo akuika nyumba ya mtsogoleri ngati mayeso oyamba asanapatsidwe mpingo. Eli anali wansembe wa mtundu wonse koma ana ake anatayikira m'kachisi momwemo. Ana a abusa ambiri sadana ndi Yesu, amadana ndi mpingo umene unawalanda bambo. Nkhosa zoyamba zimene Mulungu anakupatsani zimagona m'nyumba mwanu. Ndipo inu akhristu, m'busa wanu akatenga tsiku limodzi ndi banja lake, musamujede. Muthandizeni thiransipoti.

Amene mupite, mverani malangizo awa, chifukwa chikhulupiriro si kuyesa Mulungu. Ife a kumtunda ambiri sitidziwa kusambira, ndiye madzi asapitirire m'mawondo, ndipo diso la munthu wamkulu lisachoke pa mwana ngakhale mphindi imodzi. Funsani eni mudzi malo abwino, iwo amadziwa kumene kuli phompho, ng'ona ndi mvuu. Pewani m'mabango ndi madzi odikha, ndi mmene mumakhala nkhono za likodzo. Mwana akayamba kukodza magazi mutabwerako, thamangirani naye kuchipatala, mankhwala alipo. Mwera umavuta kwambiri miyezi yozizira, koma mphepo ikhoza kudzuka tsiku lililonse, ndiye musakwere bwato lodzaza, ndipo asodzi akati lero ayi, ndi ayi. Musalole kupakiridwa pa lole ngati matumba, ndipo dalaivala akamanunkha mowa tsikani, makhota a ku Chowe sakhululuka.

Inu azibambo amene muli ku Joni, ndikudziwa kuti mtima wanu uli kuno. Potumiza ndalama mwezi uno, ikanipo kena kake n'kunena kuti aka n'ka ulendo wa ana ndi amayi awo. Madzulo ake imbani foni, muwafunse zimene aona, muwamvetsere mpaka amalize. Inu amene galimoto yanu ili ndi mpando wotsala, kumbukani mwana wamasiye wa pafupi nanu, kaya ndi wa kutchalitchi kaya ndi wa kumzikiti, pemphani kwa eni ake mumutenge. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ana sachedwa kukula, abale. Amene lero akukukokani malaya kuti adadi tiyeni, mawa adzakhala ndi kwawo kopita ndi anthu ena owamvetsera. M'mera mpoyamba.

Ndikupemphererani. Atate, m'dzina la Yesu, tembenuzani mitima ya makolo ione ana awo. Tsegulani pakamwa pa mwana aliyense amene wasunga chinsinsi chomupweteka. Tetezani onse oyenda pa msewu ndi pa madzi mwezi uno, pasamveke maliro pa Tsiku la Anakubala. Dalitsani amayi athu onse. Amen.

Ngati uthengawu wakukhudzani lembani Amen, ndipo mutiuze mu ndemanga kumene mutengere banja lanu chaka chino, kaya n'kunyanja kaya n'kumunda. Tumizaninso kwa bambo mmodzi amene mukudziwa kuti akufunika kuumva. Lamulungu tikumana nthawi yathu yomwe ija. Shalom.