MAGANIZO ATHU: Mlendo ndi mame, tisunge mankhwala athu

Palibe angakane kuti thandizo la maiko akunja lapulumutsa miyoyo muno mu Zambia. Akuluakulu akumbukira zaka za m'ma 1990 pamene matenda a AIDS anali kutha anthu m'makomboni ndi m'midzi, ndipo maliro anali a tsiku ndi tsiku. Mu 2002 kunakhazikitsidwa thumba la Global Fund. Mu 2003 mtsogoleri wa dziko la America, a George W. Bush, anayambitsa PEPFAR, ndipo Zambia inali pakati pa maiko 15 oyamba kuthandizidwa. Mu 2005 boma la a Levy Mwanawasa linalamula kuti ma ARV aziperekedwa mwaulere m'zipatala za boma. Kucokera apo, anthu amene akumwa mankhwalawa anapitirira 1 miliyoni. Ambiri a iwo akulima, akugulitsa pamsika ndi kulera ana ao.

Pa zimenezi tiyenera kuthokoza. Koma makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mu January 2025 boma la a Donald Trump linaimitsa thandizo lambiri lopita kunja, ndipo caka comweco bungwe la USAID linatsekedwa.

Cocititsa manyazi kwambiri cinadza mu May 2025. Kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lao licotsa madola 50 miliyoni pacaka pa ndalama zogulira mankhwala. Cifukwa cake cinali umbava. Anati pakati pa 2021 ndi 2023 anthu ao anayendera masitolo a mankhwala oposa 2,000 ndi kupeza kuti ambiri anali kugulitsa mankhwala obedwa, amene anayenera kuperekedwa kwa odwala popanda kulipira.

Aka sikanali koyamba. Mu 2009 maiko a Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lao ku unduna wa zaumoyo zitadziwika kuti ndalama zabedwa. Amene amavutika pa zotere si wakuba ai. Ndi mai wa ku Lundazi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana wodwala malungo kumsana, kenaka auzidwa kuti mankhwala kulibe, akagule yekha.

Ife tikupempha zinthu ziwiri. Coyamba, boma ligwire ndi kuweruza akuba mankhwala, kuphatikizapo mabwana amene amasaina mapepala, osangoti alonda ndi oyendetsa magalimoto. Caciwiri, aphungu athu aumirire lonjezo la ku Abuja la mu 2001, pamene atsogoleri a mu Africa anavomera kupatula 15 peresenti ya bajeti kuti ipite ku zaumoyo, ndipo ndalamazo zizifika ku kiliniki panthawi yake.

Inunso awerengi muli ndi mbali yanu. Mukaona mankhwala a boma akugulitsidwa pa kantemba, musagule. Kanenezeni ku polisi kapena kwa amfumu.

Opereka thandizo ali ndi mavuto a kwao ndi masankho a kwao. Odwalawa ndi abale athu, ndipo nchito yowasamalira ndi yathu.