ZOCITIKA M'MAIKO ENA: Kulandidwa galimoto cifukwa ca fodya

Alimi a ku Chipata ndi ku Lundazi adziwa bwino kuti fodya ndi ndalama. Maboma naonso adziwa zimenezi, cifukwa msonkho wa pa ndudu umadzaza thumba la dziko. Ku Britain msonkho umenewu unabala mkangano waukulu pakati pa a Kasitomu ndi anthu a paulendo.

Kuyambira pa 1 January 1993, maiko a m'cigwirizano ca ku Ulaya analola munthu kugula fodya m'dziko lina ndi kubwera naye kwao popanda kulipiranso msonkho, malinga ngati fodyayo anali wosuta iye mwini. Popeza msonkho unali wotsika ku France ndi ku Belgium, anthu ambiri a ku Britain anayamba kuoloka nyanja kucokera ku Dover kunka ku Calais, nabwerako atadzaza magalimoto ao. Ena anali kugula wosuta okha, koma ena anali kukagulitsa mobisa, ndipo Boma linataya ndalama zambiri.

M'caka ca 2000 a Kasitomu anaumitsa dzanja. Muyeso unali ndudu 800 ndi kilogramu imodzi ya fodya wopicira. Wopezeka ndi zoposa pamenepo anafunikira kutsimikiza yekha kuti si zamalonda, ndipo akalephera anali kulandidwa fodya pamodzi ndi galimoto, ngakhale kukhale kulakwa koyamba. Motero munthu wotengera abale ace ndudu analangidwa cimodzimodzi ndi wozembetsa katundu, nataya galimoto ya mtengo woposa kutali msonkho umene anauthawa.

Nkhaniyi inafika ku mabwalo a milandu m'caka ca 2002. M'mwezi wa February, bwalo la apilo linagamula kuti wozembetsa fodya kuti apeze phindu sangadandaule akataya galimoto. Koma za munthu wotengera abale ndi abwenzi popanda phindu, linati a Kasitomu ayambe apenda kuculuka kwa fodya, mtengo wa galimoto, mabvuto amene mwiniyo adzakumana nao, ndiponso ngati analakwapo kale. M'mwezi wa July, pa mlandu wa kampani ya zombo ya Hoverspeed, bwalo lalikulu linati a Kasitomu asaimitse munthu popanda cifukwa comveka comukaikira, ndiponso kuti ndi nchito yao kusonyeza kuti fodyayo ndi wamalonda. M'mwezi wa October Boma linakweza muyeso kufika pa ndudu 3,200 ndi makilogramu 3.

Koma malamulo a pamalire sakhalitsa. M'caka ca 2011 muyeso unabwerera pa ndudu 800, ndipo Britain itacoka m'cigwirizano cija, kuyambira pa 1 January 2021 unatsika kufika pa ndudu 200 kapena magramu 250.

Oweruza aja sanacotse mphamvu ya Boma yolanda katundu, pakuti msonkho ndiwo umanga zipatala ndi misewu. Iwo anangoti cilango cilingane ndi kukula kwa mlandu. Wapaulendo nayenso ali ndi mbali yace. Aliyense wodutsa malire ndi katundu, kaya ndi pa Dover kaya ndi pa Mwami, ayambe wafunsa za lamulo la tsikulo, aulule zonse zimene wanyamula, ndi kusunga malisiti ace. Akulu anati safunsa anadya phula.