Cheke si ndalama: alimi tisagonere mbava

Alimi anzathu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, nkhani iyi si yachilendo. Nthawi yokolola wogula amafika ndi lole, amayeza mpunga kapena thonje la kalabu, n'kutisiyira cheke. Msungichuma amakwera minibasi kukachipereka kubanki, ndipo patapita masiku amauzidwa kuti mu akaunti ya mwini chekecho mulibe ndalama. Pamenepo katundu wathu ali kale ku Lilongwe, foni ya bwana uja siikulira, ngongole ya feteleza ikutidikira pakhomo.

Ena amati zimachitika pamalonda. Ife tikukana. Munthu wolemba cheke akudziwa kuti kubanki alibe kanthu ndi mbava, ngakhale avale tayi. Kodi mlimi wa pa sikimu ya Bwanje adzuke mbandakucha kukawokera mpunga, apirikitse mbalame mwezi wathunthu, malipiro ake akhale pepala?

Cheke chikabwerera, ngongole siifa. Choyamba, tisabweze chekecho kwa wogula ngakhale atinyengerere kuti akatilembera china. Chidindo cha banki chimene chili pamenepo ndiwo umboni wathu. Tichisunge pamodzi ndi malisiti a pasikelo, nambala ya lole ndi maina a mboni. Chachiwiri, timulembere kalata mwamsanga yomuuza kuti cheke chakanidwa, titchule ndalama zake ndi tsiku lomaliza kulipira, ife n'kusunga kope. Chachitatu, tsikulo likadutsa tikasume kubwalo la majisitireti. Bwalo likagamula iye n'kukanabe, masherifu ali ndi mphamvu yolanda katundu wake. Ngati zikuoneka kuti anachita kukonza chinyengo, tikanenenso kupolisi. Osowa ndalama za loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau.

Koma mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi wa matumba asanu sangathe kulipira thiransipoti yopita kukhoti kawirikawiri, ndipo ogula achinyengo amadalira zimenezo. Kopaletivi yolembetsedwa motsatira lamulo la makopaletivi la 1998 ikhoza kusuma m'dzina lake, kuimirira mamembala onse pamlandu umodzi. Makalabu amene sanalembetse, tikudikira chiyani?

Kwa a Cotton Council of Malawi, amene lamulo la thonje la 2013 linawapatsa udindo wopereka ziphaso kwa ogula, pempho lathu ndi ili: wogula amene sanalipire alimi asapatsidwenso chiphaso mpaka atabweza tambala iliyonse.

Nafenso tisinthe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Thumba lisakwere lole ndalama zisanaoneke mu akaunti ya gulu. Ngati ndi Airtel Money kapena Mpamba, tiyambe taona balansi tokha, osangokhulupirira uthenga wa pafoni. Wogula woona sakwiya ndi kudikira. Wopupuluma kuti lole inyamuke usiku womwewo, apite wopanda katundu.

Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, tiyeni tilembe mfundo imeneyi m'malamulo athu, ndipo aliyense amene akusunga cheke chokanidwa abwere nacho.