Botolo lili ndi kwawo, chambo chilibe

Tengani menyu ya malo ambiri odyera a ku Senga Bay muwerenge tsamba la vinyo. Botolo lililonse lili ndi dzina, mudzi ndi chaka chobadwa: Sauvignon Blanc, Elgin, 2022. Ndiye tembenuzani tsamba. "Chambo." Basi. Cha kuti? Chavuulidwa liti? Cha m'nyanja kapena cha m'damu? Zii. Mafunde akumveka poteropo, koma nsomba ili m'mbale ngati mwana wotola.

Vinyoyo sindidana naye ayi. Ndi wabwino, ndipo ubwino wake uli ndi chifukwa. Elgin ndi chigwa chozunguliridwa ndi mapiri kum'mawa kwa Cape Town, kwawo kwa maapozi. Mphepo yochokera kunyanja ya mchere imabweretsa mitambo, usiku kumazizira, mphesa zimapsa mwapang'onopang'ono. Shuga sathamanga kukwera, choncho kuwawasa kumatsalira m'chipatso. Kuwawasa kumeneko ndiye kumagwira ntchito ya ndimu pa chambo chowotcha. Kutentha kwa ku Salima mu Okutobala sikungatipatse mphesa zotere, tisanamizane.

Chimene chimandipweteka n'china. Anzathuwa anaika malo awo m'lamulo. Kuyambira 1973 ali ndi dongosolo la Wine of Origin: ukalemba Elgin pabotolo, mphesa zonse zichokeredi ku Elgin. Mu 2021 ngakhale tiyi wawo wa rooibos anatetezedwa dzina ku Ulaya. Ukamalipira botolo lija, sukugula madzi a mphesa okha. Ukugula dzina la chigwa cha eni. Ndipo ukuligula ndi ndalama zakunja, m'dziko limene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kodi ife tilibe malo oti n'kuwatchula? Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira konkuno ku Salima, asodzi akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950. Lamulo lake ndi la mfumu ndi anthu ake, silinachokere ku Capital Hill. Mowa pachilumbapo ndi woletsedwa, ndiye a vinyo musapite ndi botolo lanu. Utaka wa ku Mbenji uli ndi mbiri yoti mlendo angaimve foloko ili m'malere. Koma ndani anauonapo pa menyu ndi dzina lake? Mpunga umalimidwa ku Lifuwu, kufupi ndi Senga Bay komweko, koma m'mbale umangotchedwa "rice". Mango a ku Salima amakwera ndege, koma pamenyu ndi "fruit". Vinyo wa zipatso wa Linga, wopangidwa ku Lilongwe, akapezeka amakhala kumapeto kwa shelefu ngati wabwera pa ukwati osaitanidwa.

Ena anena kuti mlendo amafuna zimene amazidziwa kale. Aaa, bodza. Munthu wachoka ku Berlin, wadutsa Johannesburg, kuti adzamwe za ku Cape Town ku Salima? Zimenezo akanatsikira konko. Vuto ndi ife ophunzirafe, amene timapotokola lilime kuti "Sauvignon" imveke ngati ya ku France, koma tikafunsidwa kusiyana kwa chambo ndi makumba timayang'ana foni.

Dzina likasowa, mtengo umatsalira kwa wogulitsa womaliza. Msodzi wosunga lamulo ndi wokokera neti ya udzudzu amalandira chimodzimodzi, poti m'mbale zonse ndi "fish". Mlimi wa ku Elgin sangalole zimenezo ngakhale tsiku limodzi.

Eni malo odyera, vinyoyo musiyeni, timwa. Koma pansi pa mawu oti chambo lembanipo doko ndi tsiku. Inki yake ndi yomweyo mwalembera 2022.