Malamulo a pulogalamu asamwazikane m'masamba

Munthu akatsegula tsamba la banki, la sukulu kapena la SACCO pa foni kuti aone ngongole yake kapena fizi yotsala, tsambalo silikhala lolembedwa kale n'kumamudikira. Seva imalipanga nthawi yomweyo: imatenga zambiri za munthuyo mu database, imawerengera, kenako n'kutumiza zomwe iye akuona. Wopanga pulogalamu amasankha pomwe mawerengedwewo alembedwe. Akhoza kuwalemba m'kati mwa tsamba lenilenilo, mosakanikirana ndi HTML yokonza maonekedwe, kapena akhoza kuwasonkhanitsa mu class, kagawo ka code kokhala ndi dzina ndi ntchito yakeyake, komwe tsamba lililonse limangokaitana likafuna yankho. Ine ndikuti njira yachiwiriyi ndiyo yoyenera, ndipo nkhaniyi ikukhudza ogula mapulogalamu kuposa mmene iwo amaganizira, chifukwa ndiwo amalipira zinthu zikasokonekera.

Umboni woyamba ndi njira yomwe eni zipangizo zolembera masamba otere anayenda. Rasmus Lerdorf atatulutsa PHP mu 1995, chokoma chake chinali chakuti munthu ankalemba malamulo pakati penipeni pa HTML n'kuona zotsatira pompo. Microsoft inabweretsa ASP mu 1996, Sun Microsystems n'kutulutsa JSP mu 1999, ndipo zonsezi zinkalola kusakaniza kotereku. Pasanapite nthawi onse atatu anayamba kukokera anthu kwina. JSP inali ndi njira yoitanira ma JavaBeans kuti mawerengedwe akhale kunja kwa tsamba. ASP.NET ya mu 2002 inapatula maonekedwe ndi code, tsamba lililonse n'kukhala ndi class yake kumbuyo, ndipo mu 2005 anawonjezera foda ya App_Code yosungiramo ma class omwe masamba onse amagwiritsa ntchito. PHP 5 ya mu 2004 inakonzanso kachitidwe konse ka ma class. Awa anali magulu opikisana, osagwirizana pa zambiri, koma onse anafika pa mfundo imodzi ataona mmene masamba osakanikirana ankavutira kukonza akakula.

Vuto lenileni limaoneka tsiku lomwe lamulo lasintha. Pa 1 January 2013 dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa kwacha yake, moti K1,000 yakale inasanduka K1. Pulogalamu yomwe kalembedwe ndi kawerengedwe ka ndalama kanali mu class imodzi inkafunika kukonzedwa pamalo ochepa odziwika. Yomwe mawerengedwe ake anamwazikana m'masamba a risiti, a ngongole ndi a malipoti inkafuna kuti munthu asakesake tsamba ndi tsamba, ndipo tsamba limodzi loiwalika likanakwanira kuti risiti inene china, lipoti la mwezi china. Msonkho, chiwongoladzanja ndi fizi zimasinthasintha kulikonse. Zili ngati golosale yomwe wogulitsa aliyense amasunga mitengo m'mutu mwake m'malo mwa buku limodzi: shuga akakwera, wina amagulitsabe pa mtengo wadzulo. Zipangizo nazonso zimasintha. PHP 7 ya mu 2015 inachotseratu njira yakale ya mysql yolumikizira database, ndipo amene anailemba pa tsamba lililonse anali ndi ntchito yaikulu kuposa amene anaitsekera mu class imodzi.

Pa chitetezo mpomwe pali poopsa kwambiri. Akuba pa intaneti ali ndi njira yodziwika kuyambira cha mu 1998, yotchedwa SQL injection: amalemba lamulo la database m'bokosi lofunsa dzina kapena nambala, ndipo tsamba losasamala limalipereka ku database momwemo. Mu October 2015 kampani ya mafoni ndi intaneti ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mwa njira imeneyi zambiri za makasitomala pafupifupi 157,000, ndipo chaka chotsatira bungwe loona za chitetezo cha zambiri za anthu m'dzikolo linailipitsa chindapusa cha mapaundi 400,000. Akubawo analowera pa masamba atatu akale omwe kampaniyo inatengera kwa kampani ya Tiscali itagula nthambi yake ya ku Britain mu 2009. Class payokha sitseka khomo lotere, popeza nayonso ikhoza kulembedwa molakwika. Koma masamba onse akamafika ku database kudzera pa khomo limodzi logwiritsa ntchito ma prepared statement, omwe amalekanitsa lamulo la database ndi zomwe munthu walemba m'bokosi, monga omwe PDO ya PHP imapereka, pali malo amodzi oyang'anira ndi kukonza. Tsamba lililonse likamadzilankhulira lokha ndi database, tsamba loiwalika limakhala chiopsezo kwa onse.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Ena amati webusaiti ya masamba anayi sifunika zonsezi, ndipo kasitomala wa ndalama zochepa sangalipire nthawi yowonjezera. Pa tsamba longoonetsa keyala ndi nthawi yotsegulira ofesi akunena zoona. Koma paliponse pomwe pali ndalama, magiredi a ana kapena mbiri ya odwala, pulogalamu siikhala yaing'ono kwa nthawi yaitali. Mwini wake amabweranso kufuna lipoti, kenako uthenga wa SMS, kenako kulipira pa foni, ndipo zonsezi zimafuna mawerengedwe omwe aja. Ena amati ma class amachedwetsa tsamba, koma nthawi zambiri chimene chimadya nthawi ndi kufunsa database ndi netiweki, osati kuitana class. Mfundo yolemera kwambiri ndi ya omwe amati ma class akachuluka mopyola muyeso amasokoneza, munthu n'kutsegula mafayilo khumi kuti apeze pomwe manambala awiri aphatikizidwa. Zimenezi zimachitikadi, makamaka m'mapulogalamu akuluakulu a Java, ndipo mankhwala ake ndi kulemba ma class ochepa okhala ndi mayina a zinthu zenizeni za pantchitopo, monga Ngongole, Wophunzira kapena Risiti.

Mkulu wa sukulu kapena komiti ya SACCO safunika kudziwa PHP kuti adziteteze. Asanasaine kontrakiti afunse wopangayo kuti aonetse fayilo imodzi momwe chiwongoladzanja chimawerengedwera, anene malo angati omwe angasinthe msonkho ukasintha, ndiponso aonetse ngati lamulolo lingayesedwe palokha popanda kutsegula tsamba, zomwe zida monga PHPUnit ndi JUnit zimachita mosavuta code ikakhala mu class. Alembenso mu kontrakitimo kuti code yonse idzaperekedwa kwa iwo, chifukwa amene adzaikonze patapita zaka zitatu kawirikawiri sakhala amene anailemba.