Tisiye kunyoza amakaniko

Anzanga, pasukulu pano tili ndi kachizolowezi koipa. Wina akalakwa mayeso timati, "Iwe basi, ukakhala makaniko pa Migowi." Inenso ndinkaseka nawo. Lero ndikuti tisiye.

Makope anga, yunifolomu ngakhale sopo zimachokera pa njinga yamoto ya achimwene anga, yomwe amachitira kabaza. Teremu yatha injini inayamba kulira ngati chigayo. Bering'i ya crankshaft inali itatha. Kuti uyipeze umayenera kutsegula crankcase, bokosi la aluminiyamu la mbali ziwiri zogwirana kwambiri. Amene anayamba kuikonza anakhomera sukuludiraiva pamsoko ndi hamala. Bokosi linatseguka inde, koma milomo yake inakumbika. Atamanga, oyilo ankangodontha ngakhale gasiketi inali yatsopano. Njinga inaima masabata awiri, pakhomo ndiwo zinali chigwada basi.

Achimwene atagula mbali ina yakale ya bokosilo, anapita ndi injiniyo kwa malume. Ine ndinatsatira kuti ndizikawapatsira masipanala. Malume hamala sanaikhudze. Anatenga chitsulo chafulati chochindikala, anachiboola mabowo atatu, pabowo lapakati n'kuwotchererapo nati. M'mabowo a m'mbali analowetsa mabawuti awiri aatali omwe anawamangira pa bokosi lenilenilo. Kenako bawuti yaikulu inadutsa mu nati ija mpaka kukagunda nsonga ya crankshaft, pomwe anaikapo kachitsulo koteteza mazinga.

Asanapotokole anawerenga kawiri ngati mabawuti onse ogwira bokosi achoka. "Mphwanga, imodzi ikatsala bokosi lisweka," anatero. Ndiye anayamba kuzunguliza pang'onopang'ono, uku akugogoda m'mbali ndi mtengo kuti mpata uzikula mofanana. Bawuti ikukankha crankshaft, chitsulo chikukoka bokosi. Posakhalitsa mbali ziwiri zija zinasiyana popanda kachipsera. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi.

Usiku ndinatsegula kope la Fizikisi pamutu wa makina. Bawuti ya malume inali ya M12, yomwe imayenda mamilimita 1.75 ikazungulira kamodzi. Sipanala inali yotalika masentimita 20, choncho dzanja limayenda pafupifupi masentimita 126 pa ulendo umodzi. Mukagawa, velocity ratio yake ikuposa 700! Mphamvu yambiri imatayika chifukwa cha kukhulana kwa zitsulo, n'chifukwa chake malume anapaka girisi pa mazinga. Iwo sukulu analekeza Sitandade 8, koma zomwe ife timaloweza usiku ndi tochi, iwo amazigwira ndi manja. Ndiye mbuli ndi ndani pamenepa?

Ena anena kuti chida chenicheni chilipo, munthu angokagula ku Limbe. Zoona, ndipo chogulacho n'chabwino kuposa ichi. Chopanga wekha chikapendekeka chikhoza kuwononga bokosi. Koma wakabaza amene njinga yake yaima aipeza kuti ndalama ya chida ndi thiransipoti ya ku Limbe? Vuto si chida cha pakhomo ayi, vuto ndi kuchita zinthu osamvetsa mmene zimagwirira ntchito. Kumvetsako ndiye kumene tabwerera pano.

Tiyeni tinene zoona: si tonse amene tidzapite ku yunivesite tikalemba MSCE. Ena tidzafunsira malo m'makoleji a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Njinga zamoto zadzadza m'misewu ya kuno kwa Mkhumba, zonsezo zidzafuna wozikonza wodziwa masamu.

Pempho langa kwa aphunzitsi a sayansi ndi loti tsiku lina la makalabu tiitane makaniko abwere ndi injini yakufa, tiitsegule tokha, ife tiwerengere iwo atisonyeze. Malume ndawafunsa kale, avomera. Angoti tidzabwere ndi sopo wathu wosambira m'manja.

Ndine mnzanu wa Fomu 3