Lamulo la Mbewu Lisaiwale Khola

Boma likakweza mtengo wa mbewu pofuna kukondweretsa mlimi, woyamba kulira ndi woweta nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe.

Ku Ulaya malamulo anadulitsa tirigu kotero kuti oweta nkhumba a ku Netherlands anafika poitanitsa chinangwa ku Thailand, kufikira pangano la 1992 litatsitsa mitengoyo. Ku America lamulo la 2007 linaonjezera chimanga chopangira mafuta agalimoto. Pa chilala cha 2012 oweta anapempha kuti liyimitsidwe, koma boma linakana.

Ife tikuti Ulaya anachita mwanzeru potsitsa mitengoyo. Lamulo lililonse la mbewu liziyamba layesedwa pa mtengo wa dzira ndi nyama, pakuti wolipira potsiriza ndi mayi wogula ndiwo pamsika.